Dzina la pa Kope: Maganizo pa Khamu Lothamangira Akatswiri a Zisudzo

Ku America kuli mwambo umene ife kuno sitinauzoloŵere kwenikweni. Anthu okonda maseŵero a pa wailesi yakanema, aja oulutsidwa masana tsiku ndi tsiku, amalipira ndalama, kuyenda ulendo wautali ndi kuima pa mzere dzuŵa lonse, kuti katswiri wa seŵero aŵalembere dzina lake ndi dzanja lake pa chithunzi kapena pa kapepala. Maseŵero otereŵa adayambira pa wailesi ya mau m'zaka za m'ma 1930, ndipo ankalipiridwa ndi makampani a sopo onga Procter & Gamble, amene ankafuna kutsatsa malonda ao kwa amai otsala pakhomo. Limodzi mwa iwo, Guiding Light, lidayamba mu 1937, lidaloŵa pa kanema mu 1952, nkudzatha mu 2009 patapita zaka 72. Mwini nkhani woyamba m'seŵero limeneli anali mbusa wa mpingo, amene ankasiya nyale ikuyaka pa windo kuti ovutika adziŵe kogogoda. Tsono ansembe tisafulumire kunena kuti nkhani imeneyi ndi ya ena.

Kwathu kuno kanema adabwera mochedwa. Wailesi ya MBC idayamba mu 1964, pamene Television Malawi idatsegulidwa mu 1999. Mbadwo wonse udakula ukudziŵa akatswiri ake ndi makutu okha, kudzera m'mapulogalamu onga Kapalepale, Pamajiga ndi Seŵero la Sabata Ino. Izeki ndi Jakobo adaloŵa m'nyumba za ku Kabudula ndi ku Nambuma eni nyumbazo asanaone nkhope zao, ndipo ngakhale a John Nyanga adatisiya mu 2016, ndi a Eric Mabedi mu 2021, mpaka lero anyamata aŵiri okonda kutsutsana moseketsa amatchedwa maina ameneŵa. Maseŵero athu amamveka makamaka madzulo, anthu ataŵeruka kumunda, ndipo ambiri mwa iwo adalipiridwa ndi mabungwe olimbana ndi Edzi, umphaŵi ndi nkhanza za m'banja, m'malo mwa ogulitsa sopo. Koma njala ya oonera ndi imodzimodzi.

Tiyerekeze tsiku la mtsikana wina wa ku Nsaru amene wamva kuti a zisudzo a pa kanema adzafika pa Namitete tsiku la msika. Wadzuka tambala woyamba, wasesa, watunga madzi, ndipo ndalama imene akadagulira sopo wapatsa wa kabaza. Wafika pa bwalo nthaŵi ya m'maŵa, koma galimoto la zimkuzamau likufika dzuŵa litapendeka. Ayamba ndi nyimbo, kenaka amfumu alankhula, kenaka mkulu wa bungwe aŵerenga uthenga wake umene palibe akuumvera. Potsiriza katswiri atulukira, aseketsa anthu kwa mphindi makumi aŵiri, nathamangira ku galimoto. Apo ndiye pali ntchito. Anyamata atukula mafoni kuti ajambulitse naye, amai afuna kungomugwira dzanja, ena akufuula kuti anene mau aja amakonda kunena pa kanema. Mtsikana wathu alibe foni. Ali ndi kope la kusukulu ndi bolopeni, ndipo atakankhana ndi khamu, katswiri akhwatchapo kanthu pa tsamba lomaliza, osamuyang'ana nkomwe kumaso. Iye abwerera kwao wapansi, m'mimba muli gwaa, koma ali wokondwa.

Alipo pakati pathu amene anganene msanga kuti zonsezi n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine sindikugwirizana nawo. Mtsikanayu wachita chinthu chimene Mkhristu aliyense amachidziŵa: wafuna kuti chikondi chake chikhale ndi chogwira m'manja. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 19, likutiuza kuti anthu a ku Efeso ankatenga tinsalu tokhudza thupi la Paulo kukaika pa odwala, ndipo Paulo yemweyo ankatsiriza makalata ake ena polemba moni ndi dzanja lakelake, kuti Akhristu adziŵe kuti mauwo ndi akedi. Ife amene timapsompsona mtanda pa Lachisanu Loyera ndi kusunga zotsala za oyera m'guwa, tilibe mphamvu yoseka munthu wosunga kope. Funso loyenera ndi lina: kodi pa kopelo palembedwa dzina la yani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Khamu likathamangira a Michael Usi limafuula kuti Manganya, ndipo likaona a Bon Kalindo limaitana Winiko. Amene mtsikana uja amamukonda, amene wakhala naye m'nyumba sabata ndi sabata, ndi munthu wa m'seŵero, amene alibe dzanja loti n'kulembera. Amene ali ndi dzanja ndi mlendo, wa banja lake ndi nkhaŵa zake, amene mtsikanayo samudziŵa. Akalemba dzina la m'seŵero, ndiye kuti wasainira munthu amene kulibe. Akalemba dzina lake lobadwa nalo, wopemphayo walandira chimene sadapemphe. Akatswiri aŵiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, adalongosola mu 1956 za ubwenzi wa mbali imodzi woterewu, m'mene woonera amamva ngati akucheza ndi mnzake wapamtima, chonsecho mnzakeyo sadziŵa n'komwe kuti iye aliko. Koma Agustino Woyera adaatsogolera ndi zaka zoposa 1,500. M'buku lachinai la Confessiones akufotokoza kuti ali mnyamata adalemba buku nalipereka ulemu wake kwa Hierius, katswiri wolankhula wa ku Roma, amene sadamuonepo, ndipo akuvomera kuti adamukonda chifukwa anthu ena ankamutama; akadamunyoza anthu omwewo, iye sakadatenthedwa mtima. Chimodzimodzi pa bwalo la Namitete, theka la chikondi cha khamu limachokera m'khamu momwemo. Aliyense akuthamanga chifukwa mnzake akuthamanga.

Msonkhano wachiŵiri wa ku Nicaea, mu 787, udaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapitirira kukafika kwa mwini chithunzicho. Chiphunzitso chimenechi chimayenda bwino pamene kuseri kwa chithunzi kuli munthu weniweni. Chithunzi cha Kizito Woyera chimatifikitsa kwa mnyamata amene adaphedwadi ku Namugongo mu 1886. Nanga ulemu woperekedwa kwa Manganya umapitirira kupita kwa yani? Kuseri kwake kulibe Manganya. Ulemuwo, posoŵa kokatera, umagwera woseŵerayo, ndipo umamupatsa mphamvu zimene sizidachokere mu ntchito za moyo wake ayi, koma m'mau amene adalembedwa kuti anene.

Izitu si nthano za m'kalasi la filosofi. A Kalindo adasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2014. A Usi adaima ngati wachiŵiri wa a Saulos Chilima pa chisankho cha 2019, adakhala nduna, ndipo a Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa mu June 2024, adalumbiritsidwa kukhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko, udindo umene adakhalapo mpaka chisankho cha 2025 chitadutsa. Ku Ukraine, Volodymyr Zelensky adaseŵera ngati pulezidenti pa kanema, nadzasankhidwa kukhala pulezidenti weniweni mu 2019. Sindikunena kuti wa zisudzo sayenera kulamulira. Anthu ameneŵa ali ndi maphunziro ao ndi ntchito zina zimene adagwira, ndipo aweruzidwe pa zimenezo monga wina aliyense. Ndikungonena kuti wovota ayenera kudzifunsa funso la mtsikana wa kope uja, pakuti pa pepala lovotera pamakhalanso dzina ndi nkhope.

Tikuferanji, seŵero limene lidakuza dzina la Manganya mothandizidwa ndi bungwe la ADRA, liyenera kutamandidwa. Lidatchula za Edzi poyera, m'Chicheŵa cha pa msika, pa nthaŵi imene ambiri a ife pa guwa tinkazungulira ndi miyambi. Koma lili ndi chilema cha maseŵero onse olipiridwa ndi mabungwe: phunziro limakhala la wolipira, pamene mtima wa oonera umatsata munthu wochenjera pakamwa, wovuta, amene amanena zimene ena amaopa kunena. Anthu amapirira phunzirolo monga amapirira mau a mkulu wa bungwe pa bwalo paja, podikira kuti chiseko chibwerenso. Izeki ndi Jakobo, pamene sankanyamula uthenga wa wina, ankafika pakuya kuposa apo, chifukwa m'kukangana kwao Mmalaŵi ankadzimva yekha, ndi umphaŵi wake, kunyada kwake ndi mabodza ake ang'onoang'ono. Agustino yemwe uja, m'buku lachitatu, adadabwa kuti munthu amapita ku zisudzo kukafuna chisoni chimene sangafune kuti chimugwere, ndipo adaona kuti woonera amaitanidwa kudzalira chabe, osati kudzathandiza. Amene afuna kuona kusiyanaku apite ku chipatala cha St Gabriel, chimene masisitere a Karimeli ochokera ku Luxembourg adatsegula pa Namitete mu 1959, akaone amai odikirira odwala. Iwo amalira misozi yofanana ndi ya oonera seŵero, koma akatha kulira amakachapa zofunda.

Dera lathu lino lili ndi zisudzo zake zakale, zimene zidathana ndi vuto la dzina mwa njira ina. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, ali ndi akatswiri ake odziŵika mudzi ndi mudzi: Chadzunda, Kasiyamaliro, Makanja, ngakhale Maliya ndi Simoni, amene makolo adatulutsa poyang'ana ife a mishoni. Anthu amakuwa, amai amaimba, ndalama zimaponyedwa pa bwalo. Koma palibe amene angatsate chilombo kudambwe ndi kope m'manja. Mwambo suloleza ngakhale kufunsa funsolo, ndipo gule akatha, palibe munthu amene amayenda m'mudzi atanyamula ulemu wa Chadzunda pa mapewa ake, kapena kukapempha nawo ufumu. Mpingo ndi Nyau zidalimbana zaka zambiri m'maparishi a Likuni ndi Nambuma, ndipo ndikudziŵa kuti mafunso ena a chikhulupiriro akadalipo. Ntchito ya malemu aja ndi ya Bambo Claude Boucher ku Mua kuyambira mu 1976 sidaŵathetse onse. Komabe pa mfundo iyi yokha Acheŵa adaona patali. Adadziŵa kuti nkhope yovala ili ndi mphamvu, ndipo adamanga mpanda kuti mphamvuyo isatsalire munthu. Kanema adagwetsa mpandawo, pakuti m'menemo chigoba cha woseŵera ndi nkhope yake yomwe, ndipo sangachivule ngakhale apite ku maliro a mbale wake.

Mau akuti persona, amene timaŵagwiritsa ntchito ponena kuti wansembe pa guwa amaima m'malo mwa Khristu, poyamba pa Chilatini ankatanthauza chigoba cha wa zisudzo. Aseminale aganizirepo bwino pamenepa. Lero tili ndi Radio Maria, Radio Alinafe ndi Luntha TV, ndipo tiyamike, pakuti Msonkhano wa Vatikano wachiŵiri m'chikalata cha Inter Mirifica cha 1963 udatilimbikitsa kugwiritsa ntchito zipangizo zimenezi. Koma pamodzi nazo pabwera wansembe wotchuka, amene Akhristu amadumpha tchalitchi lao kuti akamve iye, amene nkhope yake imasindikizidwa pa nsalu ndi pa malaya, amene Misa ikatha amachedwa pakhomo ndi ojambulitsa, pamene gogo wofuna kulembetsa Misa ya malemu mwamuna wake akudikira pa khonde. Mwa iye yekha sangakhale ndi mlandu, monganso wa zisudzo alibe mlandu pokhala waluso. Ngozi yake ndi yomwe ija: ulemu wopita kwa Wina umaima panjira. Paulo ndi Barnabasi ku Listara, anthu ataŵayesa milungu, adang'amba zovala zao, ndipo Paulo polembera Akorinto, amene adagaŵikana potsata alaliki, adathokoza Mulungu kuti adabatiza oŵerengeka okha pakati pao. Agustino polimbana ndi Adonatisti adaumirira kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kaya madzi athiridwa ndi dzanja la yani.

Chodabwitsa n'chakuti wansembe wa pa parishi ya kumudzi amasaina kaŵirikaŵiri kupambana katswiri aliyense wa pa kanema. Amasaina makadi a ubatizo, makalata osamukira, mabuku a maukwati, nthaŵi zina mazana pa tsiku limodzi la Pasaka, dzanja mpaka kuuma. Akhristu amasunga timapepala timeneti m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo nyumba ikapsa amalira nato. Malamulo a Mpingo, pa nambala 877, amalamula bambo mfumu kuti alembe mosachedwa dzina la wobatizidwa, pamodzi ndi la wobatiza, la makolo, la aimiriri, malo ndi tsiku. M'mabuku akale a maparishi athu, amene masamba ake adafiira ndi fumbi, dzina la mwana ndilo limayamba, ndipo la wansembe limakhala m'kadanga ka kumapeto, lolembedwa mothamanga, mwina losaŵerengeka n'komwe.