Ng'oma Zopanda Wovina: Maganizo pa Drumming ya Steve Reich

Mwa nyimbo zopekedwa ku America m'zaka za posachedwa, Drumming ya Steve Reich ndi imodzi imene munthu wokulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi angaiweruze ndi khutu la mwininkhani. Inaimbidwa koyamba ku New York m'chaka cha 1971, ndipo njira imene inamfikitsa mwiniwake ku ng'oma inadzera pafupi ndi kwathu kuno. Reich anayamba waŵerenga buku la Studies in African Music, limene analemba mu 1959 ndi A. M. Jones, mmishonale wa Anglican amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Mapanza m'dziko la Zambia. Mu 1970 anapita ku Ghana kukasulidwa ndi katswiri wa ng'oma, Gideon Alorwoyie, koma malungo anambweza patangotha milungu isanu.

Nyimbo yonseyi, yotha pafupifupi ola lathunthu, yamangidwa pa kaombedwe kamodzi kokha. Oimba aŵiri amayambira pamodzi. Kenaka mmodzi amafulumira pang'onong'ono kufikira atatsogola mnzake ndi kugunda kumodzi. Pamenepo khutu limatola kulukana kwatsopano kumene palibe mmodzi wa iwo akukuomba payekha. Zimayambira pa ting'oma ta bongo, zipita ku marimba ndi mawu a akazi, zikwera ku tizitsulo ta glockenspiel ndi mluzu, potsiriza zonse ziimbira pamodzi. Tiyenera kumyamikira Reich pa ichi: sanavale chovala chobwereka. Ng'oma za Aewe anazisiya ku Ghana, natenga nzeru ya kalukidwe kake.

Koma tikaima pa bwalo la gule wamkulu timaona chimene chinatsalira m'mbuyo. Pamene mpanje ndi zinzake zisunga mayendedwe, woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a chilombo. Chikapalasa fumbi iye ayankha, chikaima aima, chikanyang'wa achinyang'witsa. Amayi nawo athira mang'ombe ndi kuomba m'manja. Ndiponso ng'omazo sizilira wamba: pali maliro, chinamwali kapena kulonga mfumu. Reich, amene anaphunzira filosofi ku Cornell, analemba mu 1968 kuti afuna nyimbo imene ikangoikidwa panjira iyenda yokha. Mbalule singayende yokha, pakuti ilindira munthu amene sidziŵiratu chimene achite. M'malo mwa kukambirana kumeneku Drumming itipatsa lamulo limene oimba onse aligonjera, omvera ali phee pa mipando.

Sitikunena kuti nyimboyi ndi yozizira. Pamphindi zija woimba mmodzi akuchoka pa mnzake, zonse zili ngati zigwa, mtima umakhala m'malere kufikira ataponda malo atsopano. Ndipo amene waimvera mofatsa amabwerera ku bwalo ndi khutu lakuthwa, nayamba kulekanitsa ng'oma zimene kale ankazimva ngati phokoso limodzi. Umenewu ndi mphotho yosachepa, makamaka kwa ife ophunzira amene sukulu inatigonthetsa.

Wina angatitsutse kuti Drumming inavinidwapo. Nzoona: Anne Teresa De Keersmaeker wa ku Belgium anaikonzera gule mu 1998. Koma kumeneko nyimbo inali yopekedwa kale, ndipo ngakhale wovina apalase motani, palibe ng'oma imene ingasinthe kaombedwe kake kuti imuyankhe.