Mboni ya Diso Limodzi

Mwa zithunzi zakale za mzinda wa Broken Hill, umene tsopano uchedwa Kabwe, comveka koposa ndico ca m'caka ca 1921. Cionetsa Tom Zwigelaar, Mzungu wa ku Switzerland, ali pa mgodi wa mtovu, pamalo pamene panafukulidwa cigaza ca munthu wamakedzana. Cigazaco cinatumizidwa ku London, kumene cikali kufikira lero.

Cithunzico ndi mboni yoona, pakuti phanga lija linatha kalekale ndi nchito ya mgodi. Koma ndi mboni ya diso limodzi. Zwigelaar sanali yekha tsiku lija. Anali pamodzi ndi wanchito wacikuda, amene dzina lace silinalembedwe. Zithunzi zambiri za migodi ziri ndi cirema comweci: mabwana achulidwa maina, okumba miyala angoimirira kumbuyo ngati mitengo. Pfumbi la mtovu, limene lidwalitsabe ana cinkana mgodi unatsekedwa mu 1994, silioneka konse.

Cotero wofuna mbiri yeniyeni ya Kabwe atenge zithunzizo, apite nazo kwa nkhalamba za m'komboni, zimuuze maina a anthuwo nthawi isanathe.