"Ndikubwerera": liwu limodzi, mathero awiri

Nkhani zachikondi zopepuka zija, zimene anthu amawerenga ali gone pamchenga, zili ndi njira yake yodziwika. Mtsikana wofuna kukhala mlembi wanyamula chikwama ndi makope, wakafika pa hotela ya m'mphepete mwa nyanja kuti akalembe buku. Buku likukana. Kenaka patebulo la kadzutsa pakhala mwamuna wina wamwano pang'ono koma wooneka bwino. Zotsalazo mukuzidziwa kale: kukangana, kuseka, kunyanyalitsana, ukwati. Sindikunyoza ayi. Inenso mayeso akatha ndimawerenga zomwezo.

Buku la Anita Brookner lotchedwa Hotel du Lac, lomwe linapata mphoto ya Booker mu 1984, linatenga zipangizo zomwezi n'kumangira nyumba ina. Edith Hope ndi mlembi wa nkhani zachikondi, ndipo amalemba pogwiritsa ntchito dzina lakuti Vanessa Wilde. Anzake a ku London amutumiza ku hotela ya m'mphepete mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland kuti mphepo iyambe yapita, chifukwa anathawa ukwati tsiku la ukwati lomwe, mkwati Geoffrey Long atafika kale. Mtima wake uli pa David, mwamuna wa mwini. Pahotelapo akumana ndi Philip Neville, munthu wachuma, amene akumufunsira banja mosabisa kuti chikondi palibe, chilipo ndi ulemu ndi nyumba yabwino basi.

Edith amadziwa bodza la ntchito yake. Amalifotokoza ndi nthano ya Kalulu ndi Fulu: m'mabuku mwake mkazi wofatsa, Fulu, ndiye amapambana, poti ogula mabukuwo ndi afulu anzake, pamene m'moyo weniweni amapambana ndi Kalulu. Ife amene tinakulira nthano za Kalulu sitingadabwe. Funso la buku lonse ndi lakuti kodi wolemba bodza lokomali angalikhulupirire mwini wake?

Yankho lili pa tsamba lomaliza. Edith wavomera a Neville ndipo walemba kalata yotsanzika David. M'mamawa, akupita kukaitumiza, aona a Neville akutuluka m'chipinda cha mkazi wina, Jennifer Pusey. Ang'amba kalata ija n'kupempha kutumiza telegalamu kwa David. Poyamba alemba mawu onena za kubwera kwawo, kenaka awafufuta n'kusiya liwu limodzi lonena za kubwerera. M'Chingerezi liwulo ndi louma. Likungonena za ulendo, silikulonjeza kanthu.

Tsono tiyeseni kulemba telegalamuyo m'Chichewa, muone zimene zichitike.

Mawu oyamba aja tingati "ndikubwera kwathu". Pajatu ife sitinena kuti "kwanga" tikamanena za kumudzi. Ngakhale munthu wokhala yekha amati "kwathu", ndipo -athu ameneyu ndi wa ife, wa anthu ambiri. Edith ndi David alibe "ife". David ali ndi kwawo, kumene kuli mkazi wake ndi ana. Choncho m'Chichewa kufufutako kukupweteka kuposa m'Chingerezi, chifukwa chimene chikufufutidwa ndi mlowam'malo amene anawaika awiriwo pansi pa denga limodzi.

Liwu lachiwiri ndiye lovuta. Tilemba "ndikubwerera". Koma -ku- ameneyu ndi uti? Akhoza kukhala wosonyeza nthawi, monga mu "ndikudya", ndiye tanthauzo n'kukhala lakuti ndili paulendo wobwerera kumene ndinachokera. Akhozanso kukhala -ku- woimira iwe, monga mu "ndakuona", ndipo -er- n'kukhala wa msintho womchitira, monga timanenera kuti "ndakubwererani, agogo". Pamenepo tanthauzo likhala lakuti ndibwera chifukwa cha iwe. Pakamwa sitisokoneza: poyambapo mawu amakwera pa -bwe-, pachiwiripo amakwera pa ndi-. Koma kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo telegalamu ilibe pakamwa.

Mwaona? Zilembo zomwezo zanyamula mathero onse awiri. Mukakweza mawu pa ndi-, mwawerenga buku la Vanessa Wilde, Fulu wapambana, mkazi akuthamangira wokondedwa wake. Mukakweza pa -bwe-, mwawerenga buku la Anita Brookner, munthu akungobwerera ku nyumba yake yopanda anthu. Womasulira angakondwe kuti wapeza mwayi, koma ine ndikuti ndi msampha. Brookner anatseka chitseko mwadala. Kuchisiya chotsekuka ndi kumubwezera Edith bodza lomwe wangolifufuta kumene. Womasulira wokhulupirika angafunike kuwonjezera malo, kuti "ndikubwerera ku London", ndipo -ku- wa iwe afere pomwepo.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Limayenda pang'onopang'ono, ndipo akazi ena a pahotelapo, makamaka Mayi Pusey ndi mwana wawo, Brookner amawaseka mopitirira, ngati kuti kukonda zovala ndi tchimo. Wofuna nkhani yoseketsa ya pamchenga atopa nalo asanafike pakati.

Komabe amene mukuyesa kulemba nkhani zachikondi m'Chichewa muliwerenge. Nthawi zambiri timathera mphamvu pa kulowa kwa dzuwa ndi mafunde, pamene chikondi m'chiyankhulo chathu chimabisala m'timawu ting'onoting'ono. Taonani kuti m'nkhani yonseyi ndakhala ndikulemba "a Neville" koma "David" wopanda a-. Sindinachite kukonza, dzanja linangolemba lokha. Edith akanakwatiwa ndi a Neville, akanawatchula kuti "inu" mpaka kumanda, osati "inu" wa ulemu wa m'banja uja, koma wa mlendo wokumana naye pahotela.