Ulemu Wobwera Mochedwa m'Buku la Genki

Mwa mabuku amene ophunzira a ku America amagwiritsa ntchito pophunzira Chijapani, buku la Genki ndi limodzi mwa otchuka kwambiri. Linasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1999 ndi kampani ya The Japan Times, ndipo alembi ake ndi Eri Banno ndi anzake. Ngakhale analilembera ophunzira a ku yunivesite, sukulu zambiri za sekondale zinalitola. Funso langa ndi lakuti: kodi mwana amene watha zaka zinayi ali ndi bukuli amatuluka ndi chiyani m'manja?

Tiyambe ndi kuliyamika. Alembi anazindikira kuti malamulo a chiyankhulo paokha sakoma, choncho anawakulunga m'nkhani ya Mary, mtsikana wa ku America amene wapita kukaphunzira ku Japan, ndi mnzake Takeshi. Wophunzira amatsegula phunziro lotsatira pofuna kumva kuti awiriwa zawathera bwanji. Ili ndi luso la mlembi weniweni.

Koma pali pamene bukuli likutsimphina. M'maphunziro ake onse 23 muli zilembo za kanji 317 zokha, pamene mndandanda umene boma la Japan linakhazikitsa m'chaka cha 2010 uli ndi zilembo 2,136. Mwana amamaliza sekondale akutha kugula chakudya ndi kufunsa njira, koma nyuzipepala kapena buku la nthano zimamukanika.

Chachiwiri ndi ulemu. Mayankhulidwe olemekeza akuluakulu, otchedwa keigo, amadikira mpaka phunziro 19, pamene Takeshi akukachingamira bwana wake, ndi phunziro 20. Ife amene timadziwa kulemera kwa "inu" ndi kupepuka kwa "iwe" tikudziwanso kuti ulemu sauwaza pamwamba ngati mchere ndiwo zitapsa kale. Wophunzira amene wasiyira panjira, monga amachitira ambiri, sakumana nawo n'komwe.

Wina anganene kuti mwana sayamba ndi kuthamanga, ndipo akunena zoona. Mawu a "desu" ndi "masu" amene bukuli limayamba nawo ndi aulemu ndithu. Mlandu waukulu tsono uli ndi aphunzitsi amene amaliyesa bukuli mathero a ulendo. Wophunzira wa Genki apatsidwenso nthano zazifupi za Chijapani chaka chilichonse, kuti zaka zake zinayi zimufikitse pa kuwerenga.