Bandi Ikakumananso, Tcherani Khutu Kumbuyo

Nyumba zosanjikizana za ku Berea zili ndi khalidwe limene aliyense wokhalamo amalidziwa: khoma limameza mawu a woyimba koma limalola besi kudutsa. Loweruka madzulo, ukamayenda mu Abel Road kapena mu Tudhope Avenue, chinyumba cha Ponte chitakuyimirira pamutu ndi nsanjika zake 54, chimene chimakupeza kuchokera m'mawindo si mawu a nyimbo, koma kugunda kwa pansi. Rumba ya ku Congo ili ndi kwake, sungura ya ku Zimbabwe ili ndi besi yake yothamanga, amapiano amanjenjemeretsa magalasi. Pakati pa zonsezi Mmalawi amaizindikira rege ya ku Chileka asanamve liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa, n'kudziwa kuti pa windo lina pamwambapo pali wakwathu.

Komatu mkangano wa okonda Black Missionaries, kuno ku Joni ngakhale kumudzi, umangozungulira pa amene wagwira maikolofoni. Ena amati Ma Blacks anathera pa Matafale. Ena amati ayi, anathera pa Musamude. Achinyamata amene anakula makaseti atatha ntchito amadziwa Anjiru, ndipo saona chodandaulitsa. Onsewa akangomva kuti bandi ikubwera ku Johannesburg, kapena manong'onong'o oti amene anasiyana adzakwera nsanja imodzi, amayamba kupatula ndalama ya pakhomo mwezi usanathe, alonda kusinthana mashifiti, a m'makhitchini kukachonderera abwana. Inenso ndili m'gulu lomweli ndipo imvi zandimerera momwemo. Koma tikamadikira timayang'ana kutsogolo kwa nsanja, pamene bandi yeniyeni ili kumbuyo.

Evison Matafale anangosiya zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Anamwalira pa 27 November 2001 ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la nthawiyo. Musamude Fumulani anatenga utsogoleri n'kutsimikizira dziko kuti bandi sinafe, koma naye anatisiya mu 2007, ndipo m'bale wawo Gift Fumulani anatsatira mu 2008. Gulu lina likanabalalika pamaliro oyamba omwe. Ili linapitiriza kuwerenga, Kuimba 3, Kuimba 4, mpaka kupyola khumi. Anthu amati ndi magazi, poti Musamude, Anjiru ndi Chizondi ndi ana a Robert Fumulani wa Likhubula River Dance Band, komanso mudzi wawo wa Singano ndi kwawonso kwa Daniel ndi Donald Kachamba, amene anatola kwela yobadwira m'misewu ya Johannesburg yomwe ino n'kuisandutsa ya ku Chileka. Magaziwo alipo, sitikukana. Koma chimene chinanyamula bandi pamaliro onsewo ndi anthu anayi amene sankatchulidwa kawirikawiri: Paul Chokani pa ng'oma, Peter Amidu pa besi, Takudziwani Chokani pa gitala ndi Chizondi Fumulani pa kiyibodi.

Rege imayenda pa kugunda kunayi. M'kayimbidwe kamene Ajamaika amakatcha one drop, kamene Carlton Barrett wa The Wailers anakatchukitsa, woyimba ng'oma saponda ng'oma yaikulu pa kugunda koyamba. Amasiya mpata, kenako phazi ndi ndodo zimagwera limodzi pa kwachitatu. Gitala imadula pa kwachiwiri ndi pa kwachinayi, kiyibodi n'kumatokota pakatipakati. Mpata umene watsala uja ndi wa besi. Ikhoza kulowamo, ikhoza kuchedwa pang'ono, ikhozanso kukhala chete, omvera n'kumva ngati pansi padzenjemera. Anyamata a ku Chileka anaupepuza mtundu umenewu kuti uvinike usiku wonse, besi yawo imayimba nyimbo yakeyake pansi pa nyimbo, ndipo mawu ovomereza amalowa monga muja amachitira a kwaya posiwa. Koma msana wake ndi womwewo.

Kukula kwa mpata umenewu sikulembedwa paliponse. Ndi pangano la anthu awiri, wa ng'oma ndi wa besi, ndipo amapangana osalankhula. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: musi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo mmodzi akangofulumira pang'ono misi imawombana. Pangano lotere limakhwima ndi zaka zoyimba Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, lero ku Blantyre mawa ku Lilongwe, pa zida zabwino ndi pa zida zolira ngati chitini, magetsi akuthima n'kuyakanso. N'chifukwa chake Paul ndi Takudziwani Chokani atachoka kukadzutsa Wailing Brothers, bandi ya kubanja kwawo imene inamuyimbira Matafale mu Kuimba 1, khutu langa linamva kusintha kwakukulu kuposa pamene maikolofoni anachoka kwa Musamude kupita kwa Anjiru. Olowa m'malo mwawo sanali ofooka ayi. Kungoti pangano lija linayenera kuyambidwanso, ndipo silipsa tsiku limodzi.

Mzinda uno unaonapo kukumananso kwenikweni. Mu 1985 Paul Simon anabwera ku Johannesburg kudzajambula nyimbo zimene zinadzakhala chimbale cha Graceland cha 1986. Pa gitala panali Ray Phiri wa Stimela, amene analeredwa ndi bambo wochokera ku Malawi, woyimba gitala nayenso. Pa ng'oma panali mnzake wa mu Stimela, Isaac Mtshali, ndipo besi inali ya Bakithi Kumalo. Mu 2011 Simon anabweranso n'kusonkhanitsa anthu akewo, ndipo zinajambulidwa mu filimu ya Under African Skies. Chaka chotsatira anakayimba ku Hyde Park mu London. Woonera filimuyo asamangoona kukumbatirana. Aone mmene azibambo okalambawo akugwirira zida, kuyang'anana, kuyambanso malo amodzi kufikira gitala ya Phiri itakhala bwino pamwamba pa ng'oma. Anayenera kuphunziranso nyimbo zimene dziko lonse linkaziloweza kale. Anachita mwayi wa nthawi, poti Mtshali anamwalira mu 2013, Phiri mu July 2017.

Mu chimbale chomwecho muli phunziro lina. Kachigawo kotchuka ka besi mu You Can Call Me Al, Kumalo anangoyimba theka lake. Theka lachiwiri ndi lomwelo lotembenuzidwa pa tepi mu situdiyo. Ndiye kuti chimene mamiliyoni a anthu amachiyimba m'mutu sichinatuluke m'zala za munthu momwe amachimvera. Ifenso tili ndi zathu zotero. Kuimba 1 tinaimvera pa makaseti a kwa O.G. Issa, ena ojambulitsa kwa mnzawo, pa wailesi ya mabatire ofooka imene inkakoka tepi mwaulesi, nyimbo n'kutsika mawu ndi liwiro. Matafale amene tchona wa ku Berea amamusunga mumtima akhoza kukhala wodekha kuposa Matafale amene analowa mu situdiyo. Ndiye munthu yemweyo akaimirira kutsogolo kwa nsanja n'kumati "sakuyimba ngati kale," kodi akuyerekeza ndi chiyani? Wokonda bandi moyo wake wonse ndi woweruza woopsa, chifukwa amadziwa pokhota paliponse, komanso ndi woweruza wokondera, chifukwa zimene akufuna kuti zibwerere ndi zaka zake za unyamata, ndipo bandi ilibe mphamvu yobweza zimenezo.

Oyimba akamagonjera woweruza wotereyu ndiye luso limafa. Bandi yokumananso imakhala ndi chiyeso chongokopera kaseti: liwiro lomwelo, kulira kwa gitala komweko, ngakhale mfuu imene malemu anakuwa mwangozi tsiku lojambula. Ndimamulemekeza Anjiru pa chinthu chimodzi: akamayimba Yang'ana Nkhope sayesa kuvala mmero wa Matafale. Mawu ake ndi ofewa, ndipo amailola nyimboyo kukhala yofewa. Kumene Ma Blacks amandikhumudwitsa ndi kwina. Zimbale zina za Kuimba zimafanana mopyola, moti ukhoza kuchotsa nyimbo m'chimodzi n'kuiponya m'chinzake popanda wozindikira. Ndipo malipenga a mu kiyibodi, ngakhale zala za Chizondi zili zaluso chotani, sapuma mpweya. Munthu woimba lipenga amatopa, amachedwa, amakoka mpweya, ndipo rege imakhala ndi moyo m'kupuma komweko. Dziko lokhala ndi oyimba malipenga ochuluka chonchi m'mabandi a polisi, a asilikali ndi a m'matchalitchi silinayenera kuzolowera malipenga a pulasitiki.

Choyipitsitsa chimachitika kuno kutheba, ndipo si mlandu wa bandi imodzi. Kubweretsa gulu lathunthu kuchokera ku Blantyre, kaya pa ndege kaya pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka pa Park Station, ndi ndalama zambiri: mayendedwe, ogona, zikalata. Okonza madansi ena amadula njira. Amaitana woyimba wakutsogolo yekha, nyimbo zili mu fulashi, kapena amamupezera anyamata a konkuno oti aphunzire nyimbo makumi awiri masana amodzi. Pa chikwangwani pamalembedwa dzina la bandi, ife n'kulipira, n'kuvina, n'kulira, poti tinalisowa dziko lathu. Koma fulashi siyang'ana wovina. Singatalikitse nyimbo pamene holo yagwira moto, singatsitse zida kuti anthu ayimbe okha, singadikire woyimba akatsamwa ndi chisoni potchula malemu. Ku Chileka, pa chikumbutso cha Matafale chimene chimachitika chaka ndi chaka, nyimbo imene pa chimbale ndi yaifupi imatha kutambasuka mpaka fumbi litakwera, chifukwa kumbuyo kuli anthu amoyo amene akuona zimene zikuchitika.

Tsiku limene a Chokani ndi a Fumulani adzalengezedwe pa chikwangwani chimodzi mu Johannesburg, funso langa kwa wokonza dansi silidzakhala la amene adzatsegulire kapena la mtengo wa pakhomo. Ndidzafunsa kuti abwera angati, ndipo ayeserera limodzi masiku angati asanakwere basi. Ndikadzalowa, sindidzathamangira kutsogolo kumene mafoni adzakhale m'mwamba. Ndidzaima chapambali, pamene wa ng'oma ndi wa besi amaonekera onse awiri, n'kudikira nyimbo yodekha, chifukwa yothamanga imabisa zolakwa. Ngati Amidu adzachedwetse besi pang'ono Paul Chokani n'kumudikira osatembenuka, ndalama yanga idzakhala itagwira ntchito, ngakhale mawu a kutsogolo atadzasasa pofika 2 koloko ya m'mawa.