Mazira a M'mamawa mu Big Night

Kuno ku Railways, m'tauni ya Kabwe, nkhani ya abale amene anasiya kwawo kukafuna ntchito kutali si yachilendo. Njanji itafika ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, mu 1906, anthu ankabwera kuchokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya mgodi. Choncho nditaonera Big Night, filimu ya mu 1996 imene anaitsogolera Stanley Tucci ndi Campbell Scott, ndinawazindikira msanga Primo ndi mng'ono wake Secondo, ochokera ku Italy, amene ali ndi lesitilanti yotchedwa Paradise m'mbali mwa nyanja ku New Jersey m'zaka za m'ma 1950.

Primo, amene akuseweredwa ndi Tony Shalhoub, ndiye wophika, ndipo sagonja pa maphikidwe a kwawo. Mayi wina akulandira risotto, mpunga wophikidwa pang'onopang'ono ndi msuzi, n'kupempha spaghetti pambali. Primo akupsa mtima ngati munthu amene wapemphedwa kuika nsima pamwamba pa mpunga. Secondo, amene akuseweredwa ndi Tucci mwini, ndiye amaona ngongole ya ku banki ikukula, pamene ku lesitilanti ya Pascal, pafupi pomwepo, makasitomala akudzaza. Pascal akuwalonjeza kuti woimba Louis Prima abwera kudzadya kwawo. Abalewo akuwononga ndalama zawo zomaliza pa phwando, akuphika timpano, chakudya chachikulu chooneka ngati ng'oma. Prima sakubwera, chifukwa Pascal sanamuitane n'komwe. Abalewo akumenyana pa mchenga usiku.

Nkhani za chikondi za Secondo ndi Phyllis komanso Gabriella sizinandikhutiritse. Akaziwa sanapatsidwe mpata wokwanira.

Luso lenileni lili kumapeto. Kukucha. Secondo akulowa m'khitchini, kumene Cristiano, wopereka chakudya, wagona. Akuswa mazira, akuwatakasa, akuwathira m'chiwaya, akudikira kuti apse. Kamera sikusuntha kwenikweni, ndipo chithunzi sichikudulidwa kwa mphindi pafupifupi zisanu. Wotsogolera wina akanadumpha nthawi ya kuphikayi, n'kutionetsa mbale yodzaza kale. Tucci ndi Scott akutidikiritsa nthawi yonse imene mazira amatenga pa moto, ndipo podikirapo timayamba kuwerenga magawo. Secondo akugawa patatu: lake, la Cristiano, ndipo lachitatu likutsala m'chiwaya. Gawo lotsalalo likutiuza zimene zili mumtima mwake mkulu wake asanatulukire.

Izi timazidziwa kwathu. Mayi akasiya mtanda wa nsima m'mbale yovundikira, mwana amene anakangana naye masana amadziwa kuti pakhomo akadali ndi malo. Komabe m'masewero athu ambiri a pa wailesi ya kanema, abale akayanjana timafuna misozi, ankhoswe ndi mawu ataliatali opepesana. Olemba athu akanakhulupirira manja a ochita sewero monga akhulupirira pakamwa pawo, tikanaona zambiri.

Primo akulowa mwamanyazi. Secondo akutenga mbale, akuikamo mazira aja, akumupatsa. Cristiano akutuluka mwakachetechete. Abale awiriwo akudya atakhala moyandikana, dzanja la wina lili pa phewa la mnzake, ndipo palibe amene watchula za lesitilanti kapena zobwerera ku Italy.