Chithunzi chimodzi, munthu mmodzi wochifotokoza: luso limene mliri unationetsa

M'mwezi wa Malichi 2020, nyumba zosungiramo zaluso zinatseka zitseko pafupifupi padziko lonse. Bungwe la UNESCO linapeza kuti nyumba zotere zoposa 85,000 zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kutanthauza 9 mwa 10 zilizonse. Oziyang'anira anathamangira pa intaneti. Ena anakonza zoti munthu aziyendera zipinda zawo pa kompyuta, akadina apa khoma n'kutembenuka, akadina apo n'kutulukira m'chipinda china. Ku Amsterdam, nyumba ya Rijksmuseum inatulutsa mu Meyi chaka chomwecho chithunzi cha kamera cha ntchito ya Rembrandt yotchedwa The Night Watch, chakuthwa kwambiri moti ming'alu ya utoto imaoneka. Zonsezi zinali zogometsa, koma zinali zopanda mawu. Chimene chinagwira mitima ya oonera ambiri, mpaka kumachidikira sabata ndi sabata, chinali chinthu chosavuta: munthu wodziwa ntchito yake, atakhala pakhomo pake, akufotokoza chithunzi chimodzi.

Chitsanzo chimene ndikufuna tichiunike ndi cha The Frick Collection ya mumzinda wa New York. Nyumbayi inali ya mponda matiki wa malasha ndi zitsulo, Henry Clay Frick, amene anamwalira mu 1919, ndipo inatsegulidwa kwa anthu onse mu 1935. Pa 10 Epulo 2020, mkulu wa osamalira zaluso kumeneko, a Xavier Salomon, anayamba pulogalamu ya pa YouTube yotchedwa Cocktails with a Curator. Inkaulutsidwa Lachisanu lililonse 5 koloko madzulo, nthawi ya ku New York. Pambuyo pake anzawo awiri, a Aimee Ng ndi a Giulio Dalvit, anayamba kulandizana nawo. Dongosolo lake silinkasintha: wolankhula amapereka moni, amaonetsa chakumwa chimene wasankha kuti chigwirizane ndi ntchito ya tsikulo, kenako kwa mphindi pafupifupi 20 amakamba za chithunzi chimodzi, chosema chimodzi, wotchi, mphika wadothi kapena kabati. Osamwa mowa ankawauzanso chakumwa chawo. Pulogalamuyi inafika mu Julaye 2021 itaulutsa zigawo zoposa 60, ndipo mu 2022 inasanduka buku.

Kodi chinawakopa anthu n'chiyani? Kunena kuti anali m'mbindikiro ndipo analibe chochita sikukwanira, chifukwa pa intaneti panali zoonera zosawerengeka. Ine ndikuona kuti anthu ankayamika luso, ndipo lusolo tingathe kulisanthula n'kuona mmene linkagwirira ntchito.

Poyamba pali kulimba mtima kosankha chinthu chimodzi. Aliyense amene analowapo m'nyumba yaikulu ya zaluso akudziwa mmene anthu amayendera: kuima pang'ono, kuwerenga dzina, kujambula pafoni, n'kupita pa china. Pofika pakhomo lotulukira maso atopa, mumtima mulibe kanthu. A Salomon anakana liwiro limeneli. Gawo loyamba lenileni linali la chithunzi cha Giovanni Bellini cha Francis Woyera wa ku Assisi ali kuchipululu, chojambulidwa ku Venice m'zaka za m'ma 1470, chimene Frick anagula mu 1915. Tsikulo linali Lachisanu Loyera, ndipo mu New York anthu ankamwalira mazanamazana tsiku lililonse. Kuika pamaso pa anthu otsekeredwa m'nyumba chithunzi cha munthu amene watuluka m'phanga lake n'kutambasula manja kulandira kuwala kunali kusankha kwa munthu wodziwa nthawi imene akulankhula.

Tiyeni tichiyang'ane chithunzicho mmene nkhani yotere imatiphunzitsira. Ukangochiona, umaona mwamuna wovala mkanjo wofiirira ataima patsogolo pa matanthwe. Ukadekha, zina zimayamba kutuluka. Waima wopanda nsapato. Nkhwaira zake wazisiya pansi pa katebulo kowerengerapo, pamene pali buku ndi chigaza cha munthu. M'zikhato zake muli timadontho tofiira, ting'onoting'ono kwambiri moti wodutsa mothamanga sangatione, timene ndi mabala a Khristu amene mbiri ya mpingo imati Francis analandira paphiri la La Verna mu 1224. Chakumbuyo kwaima bulu, phee, ndipo pafupi naye pali mbalame ya miyendo italiitali yonga kakowa. Patali mbusa ali ndi nkhosa zake, koma nkhope wayang'anitsa kuno. Pansi pa dzanja lamanja la woyerayo, pa kamphako ka mpanda wamiyala, kalulu wasuzumira. Kumunsi chakumanzere, kapepala kakoledwa pa kamtengo, ndipo ndi pamene Bellini analemba dzina lake. Ojambula ena a nkhani imeneyi ankaika mngelo wamapiko mumlengalenga, pano simumuona. Pali kuwala kokha kochokera kumanzere, ndi mtengo wopendekeka ngati ukugwadira kuwalako. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi 20 pa chithunzi chimodzi zimamubwezera munthu kudekha kumene moyo wothamanga unamulanda.

Chachiwiri ndi kalankhulidwe. Akatswiri a mbiri ya zaluso ali ndi chinenero chawo cha m'mabuku, chodzaza ndi mawu othamangitsa munthu wamba. M'nkhanizi wolankhula anali pakhomo pake, wopanda nsanja, wopanda magetsi a situdiyo, akuyang'ana mu kamera ngati akulankhula ndi mlendo amene wamupatsa mpando. Sankachepetsa nzeru kuti anthu amve. Zaka, mayina ndi mikangano ya akatswiri zinalimo zonse. Chimene ankachita n'kuzisanja bwino: afotokoze za wojambula, aonetse mapu kapena chithunzi cha malo, abweretse ntchito ina yofananira, kenako abwerere pa chithunzi cha tsikulo, woonera atakonzeka kuchiona ndi maso ena. Zili ngati kuyenda m'munda ndi mwini wake: wekha ukanangoona chimanga, koma iye akukuonetsa pamene madzi amaima, pamene mbewu inakana, ndi mzere umene anabzala mochedwa. Chakumwa chija, chimene ena angachione ngati zoseweretsa, chinali ndi ntchito yake. Chinkauza woonera kuti pano si m'kalasi, palibe mayeso, khalani pansi ticheze.

Chachitatu ndi kusunga nthawi. M'mbindikiro masiku ankafanana onse. Lolemba ndi Loweruka sankasiyana. Chinthu chobwera Lachisanu lililonse pa ola lomwelomwelo chinkapatsa sabata mutu ndi mchira. Woonera ankadziwanso kuti pa ola limenelo anthu ena ambiri, m'mizinda ina ndi m'maiko ena, akuyang'ana kalulu yemweyo. Kwa okalamba okhala okha, kwa odwala, kwa amene maliro a abale awo sanapiteko, kudziwa zimenezi sikunali kanthu kakang'ono. Kuthokoza kwa oonera kunali kwa munthu amene wachezeredwa pa nthawi imene aliyense ankaopa kugogoda pakhomo pa mnzake.

Pali chinanso chimene kamera imatha kuposa maso a mlendo woima m'chipinda. Ku Frick, chithunzi cha Thomas More chimene Hans Holbein anajambula mu 1527 chinkakhala mbali imodzi ya malo osonkhapo moto, ndipo mbali inayo kunali cha Thomas Cromwell, munthu amene anathandiza kuti More adulidwe mutu mu 1535, iyenso n'kudzadulidwa mu 1540. Mlonda sangakulole kufikitsa mphuno pa chithunzicho. Koma pa sikirini wolankhula angathe kuchikulitsa mpaka uone ndevu zongomera kumene pachibwano cha More, kunyezimira kwa nsalu yofiira ya m'mikono yake, ndi duwa la banja lachifumu la Tudor lolendewera pa unyolo wagolide wa m'khosi mwake. Chimodzimodzi ndi chithunzi cha Comtesse d'Haussonville chimene Ingres anajambula mu 1845: munthu akakulozera kuti mkono wamanja wa mayiyo ukuoneka ngati ukutulukira m'mimba osati paphewa, umazindikira kuti wojambulayo anapotoza thupi dala kuti mizere ikome. Ukaona zimenezi kamodzi, suiwalanso.

Komabe ndemanga yoona siiyenera kuimba nthungululu zokhazokha. Luso limeneli lili ndi malire ake, ndipo woonera ayenera kuwadziwa.

Sikirini imanama pa kukula kwa zinthu. Chithunzi cha Bellini n'chotambalala pafupifupi mita imodzi ndi theka, chojambulidwa pa matabwa. Pafoni chimalingana ndi kamendulo kokwana m'chikhato. Kuwala kwa sikirini kumachokera kumbuyo kwa galasi, pamene utoto weniweni umalandira kuwala kwa m'chipinda n'kumasintha munthu akasuntha. Wojambula amaganizira munthu woimirira, woyandikira ndi kubwerera m'mbuyo. Zimenezi kamera siingazipereke.

Vuto lalikulu koposa ndi lakuti maso ako amakhala m'manja mwa wina. Wolankhula akakulitsa kalulu, iwe uona kalulu. Chimene sanachitchule chimakhala ngati kulibe. Pamaso pa chithunzi chenicheni munthu ali ndi ufulu wosochera, wokopeka ndi kangodya kamene palibe buku linakalembapo. Ndiponso nkhani yokoma imatha kuphimba chithunzi. Mbiri ya More ndi Cromwell ndi yokoka mtima kwambiri moti munthu angatsirize gawo lonse akudziwa za mfumu Henry VIII ndi akazi ake, koma osaona mmene Holbein anagwirira burashi. Zigawo zabwino kwambiri za mapulogalamu otere ndi zimene mbiri imatumikira chithunzi. Zofooka ndi zimene chithunzi chimangokhala chikuto cha mbiri. Ndikanakondanso olankhula akanamasiya kamphindi kachete, chithunzi chili pa sikirini popanda mawu, kuti woonera apume n'kudzionera yekha. Mantha a pa intaneti akuti ukangokhala chete anthu athawa amalanda zojambula chinthu chimene zimachifuna kwambiri.

Tisaiwalenso kumene chumacho chinachokera. Frick ndi amene ankatsogolera kampani ya Carnegie Steel pa sitiraka ya ku Homestead mu 1892, pamene anabweretsa alonda amfuti a Pinkerton ndipo anthu anaphedwa. Kukongola kwa Bellini sikuchepa chifukwa cha zimenezi, koma woonera wokhwima maganizo ayenera kusunga zonse ziwiri mumtima: luso la wojambula ndi thukuta la amene analipira mtengo wake. Macheza a tambula m'manja amakonda nkhani zofewa, ndipo ndi udindo wa woonera kufunsa mafunso amene macheza otere sawafikira msanga.

Chochititsa chidwi n'chakuti nyumba ya Frick inaonetsanso nzeru yomweyi pa makoma enieni. Mu Malichi 2021, nyumba yakale ikukonzedwa, zaluso zake zinasamukira kwa kanthawi m'nyumba ya konkire ya pa Madison Avenue yomangidwa ndi Marcel Breuer. Kumeneko chithunzi cha Francis Woyera anachipatsa chipinda chakechake, pafupi ndi zenera limodzi lalikulu, popanda china chopikisana nacho. Amene anaphunzira kudekha pa YouTube anapeza chipinda chowalola kudekha. Apa ndi pamene pali yankho kwa amene ankaopa kuti intaneti ipha nyumba zosungiramo zaluso: nkhani yofotokozedwa bwino siithetsa njala yokaona chinthu chenicheni, imaikulitsa.

Lipoti lomwe lija la UNESCO linanenanso chinthu chowawa: mu Africa ndi m'maiko a zilumba zing'onozing'ono, nyumba 5 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zinatha kuika kanthu pa intaneti m'nthawi ya mliri. Mtengo wa bandulo ndi kuthimathima kwa magetsi ndi zifukwa zenizeni. Koma taonani zimene a Salomon ndi anzawo anagwiritsa ntchito: kamera wamba, zithunzi zosanjidwa bwino, ndi mutu wodzaza ndi zimene anaphunzira kwa zaka zambiri. Zaluso zofuna munthu wozifotokoza motere tili nazo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua kuli nyumba ya Chamare ndi zosema za ku Kungoni. Katswiri wathu ataima pa thanthwe limodzi, n'kufotokoza m'Chichewa chojambula chimodzi chofiira kapena choyera kwa mphindi 10, molemekeza zimene eni mwambo salola kuti ziululidwe, angafikire mwana wa ku Ndirande, mphunzitsi wa ku Chipata ndi wogwira ntchito ku Johannesburg tsiku limodzi.

Chigamulo changa n'chakuti nkhani za Frick zinali ntchito yaluso payokha, yoyenera kuyamikiridwa monga mmene oonera anaiyamikirira, ngakhale kuti siingalowe m'malo mwa kuima pamaso pa chithunzi chenicheni. Mphamvu yake inali pa zinthu zitatu: kusankha chimodzi, kuchidziwa mozama, ndi kulankhula ndi woonera mwaulemu. Zigawo zake zidakalipo pa YouTube, ndipo n'zaulere. Mukapeza bandulo, yambani ndi gawo la Bellini. Likafika pakati, liimitseni, muyang'ane chithunzicho nokha kwa mphindi zingapo musanamve zotsalazo. Ndipo inu osamalira zaluso zathu, musadikire mliri wina kuti muyambe kutifotokozera.